Tochi yabwino saidziwira pa bokosi

Mukalowa m'sitolo ya zamagetsi ku Limbe kapena ku Lilongwe, mupeza matochi a LED ali ndandanda, ena pabokosi atalembapo malumeni (muyezo wa kuchuluka kwa kuwala) 50,000, ena 100,000. Tiyeni tiwerengere limodzi. Batire la lithium la 18650, lija lalitali ngati chala lomwe limalowa m'matochi ambiri otchajidwa, likakhala lenileni limasunga mphamvu yokwana kuyendetsa mawati pafupifupi 11 kwa ola limodzi. LED yabwino, kuwala kwake kukadutsa pagalasi, imapereka malumeni 100 mpaka 150 pa wati imodzi. Ndiye kuti malumeni 100,000 angafune mawati 700 kapena kuposapo, mphamvu yoyandikira ya hotipuleti yophikira nsima. Batire lija likanatha m'mphindi imodzi, ndipo tochiyo simukanaigwira m'manja. Nambala yoteroyo ndi yokopera wogula basi.

Tochi yeniyeni ya batire limodzi kawirikawiri imafika malumeni 1,000 mpaka 2,000 kwa kanthawi kochepa, kenako imatsika n'kukhazikika penapake pakati pa 300 ndi 700, malinga ndi kukula kwa thupi lake. Amene amasonkhanitsa matochi amayang'ana nambala yachiwiriyi, ya pamene tochi yakhazikika, chifukwa ndiyo imene mumakhala nayo usiku wonse magetsi akazima.

Ngakhale makampani osanama ali ndi mochenjerera mwawo. Chiyambire 2009 ambiri amatsatira muyezo wotchedwa ANSI FL1. Muyezowu umati malumeni ayesedwe patapita masekondi 30 chiyatsire tochi, ndipo nthawi imene batire limakhala iwerengedwe mpaka kuwala kutatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo 10 a kuwala koyamba. Choncho bokosi likati malumeni 1,500 kwa maola atatu, zikhoza kutanthauza kuti 1,500 yo ndi ya mphindi ziwiri zoyamba, ndipo nthawi yotsalayo tochi ikuyaka pa 400. Bodza palibe, koma sanakuuzeni zonse. Kampani yodzilemekeza imasindikiza chithunzi cha mzere woonetsa mmene kuwala kumatsikira nthawi ikamapita. Mzerewo ndi umene muyenera kuufunafuna musanatulutse ndalama.

Palinso makandela, amene anthu ambiri sawalabadira. Ganizirani paipi yothirira dimba: malumeni ndi madzi onse amene akutuluka, makandela ndi mphamvu ya madziwo mukatsina kukamwa kwa paipi kuti afike patali. Matochi awiri a malumeni 1,000 akhoza kusiyana kotheratu, ina n'kuwalitsa bwalo lonse la nyumba koma osafika kuchipata, ina n'kuonetsa mtengo wa kutsidya kwa dambo koma pamapazi panu pali bii. Mtunda wolembedwa pabokosi amaupeza kuchokera ku makandela: amafuna nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka makandelawo, kenako amaiwirikiza kawiri. Makandela 10,000 amapereka mamita 200, makandela 40,000 amapereka mamita 400. Taonani kuti kuti mtunda uwirikize kawiri, makandela ayenera kuwirikiza kanayi. Ndipo pamapeto pa mtunda umenewo kuwala kumakhala kofanana ndi kwa mwezi wathunthu, kosakwanira kuzindikira ngati chayima pakholapo ndi galu kapena fisi. Mtunda wa pabokosi muziugawa pakati, mwinanso patatu, kuti mupeze pamene mungaonedi.

Chimene chimaumba kuwalako ndi kambale konyezimira kozungulira LED. Kosalala ndi kakuya kamaponya patali. Kokhala ndi timaenje ngati khungu la lalanje kamafewetsa m'mphepete mwa kuwala, ndipo ndi kabwino poyenda. Ena amaika galasi lapulasitiki lolimba lotchedwa TIR, lomwe limagawa kuwala mosalala kwambiri. Matochi okoka mutu aja, amene kuwala kwake kumakula ndi kuchepa, amagulidwa kwambiri chifukwa amasangalatsa m'sitolo, koma ine sindiwalimbikitsa. Mukakoka mutu kuti aponye patali, kuwala kochuluka kumatsalira m'kati mwa thupi la tochi, ndipo kukoka ndi kukankhako kumagwira ntchito ngati pampu, kumayamwa fumbi ndi chinyezi n'kuziunjika pagalasi.

Tsopano LED yeniyeniyo. LED yoyera kwenikweni ndi yabuluu imene aipaka mankhwala achikasu otchedwa phosphor pamwamba. Yabuluu yowala kwambiri inatuluka mu 1993 ku kampani ya Nichia ya ku Japan, ntchito ya Shuji Nakamura, amene mu 2014 analandira mphoto ya Nobel limodzi ndi Isamu Akasaki ndi Hiroshi Amano. Mbiriyi ili ndi phindu kwa wogula: popeza kuyerako n'kosakaniza, mtundu wa phosphor ndiwo umanena ngati kuwala kukhale kobiriwira, kofiirira kapena koyera bwinobwino, ndiponso ngati zinthu zizioneka m'mitundu yake yeniyeni.

Manambala awiri amafotokoza zimenezi. Yoyamba ili ndi K kumapeto. 2700K ndi kuwala kwachikasu ngati kwa babu lakale, 4000K mpaka 5000K n'koyandikira kuwala kwa masana, 6500K n'koyera mbuu kopendekera kubuluu. Matochi otchipa pafupifupi onse ndi a 6500K chifukwa amaoneka owala kwambiri pakhoma la sitolo. Koma m'fumbi la mu Okutobala kapena m'nkhungu ya pa Mulanje, kuwala kumeneku kumathobwa m'maso, pamene kwa 4000K maso amakupirira bwino. Nambala yachiwiri ndi CRI, yonena mmene mitundu imaonekera, ndipo mapeto ake ndi 100. LED wamba imakhala pa 70. Pa 70, zofiira ndi zakhofi zimafwifwa, moti mphiri yogona pamasamba ouma imasokonezeka ndi masambawo, ndipo waya wofiira ndi wakhofi m'bokosi la magetsi amafanana. Pa 90 kapena 95 kusiyanako kumaoneka. Mtengo wake ndi woti LED ya CRI yapamwamba imataya pafupifupi gawo limodzi mwa asanu a malumeni. Musadandaule nazo. Diso la munthu limafuna kuti malumeni achuluke pafupifupi kanayi lisanavomere kuti kuwala kwawirikiza, ndiye kusiyana kwa 800 ndi 1,000 simungakuone n'komwe.

Mayina oyenera kuwadziwa si ambiri. Nichia 519A ndiyo imene osonkhanitsa ambiri amaikonda chifukwa cha mitundu yake yooneka bwino. Luminus SST-40 ndi yamphamvu koma CRI yake ndi wamba, SFT-40 ilibe kadenga kozungulira pamwamba ndipo imaponya patali, SST-20 ya 4000K ili ndi CRI yabwino ngakhale imakonda kubiriwira mukaiyatsa motsika. Cree XHP50 ndi XHP70 ndi zazikulu, zowalitsa malo otambalala. Osram ili ndi ting'onoting'ono tomwe timaponya patali zedi. Tochi ikangolembedwa kuti T6 popanda china chilichonse, dziwani kuti akubwereka chizindikiro cha gulu la kuwala la LED yakale ya Cree, ndipo kawirikawiri m'katimo muli yongofanizira.

Pakati pa batire ndi LED pali kabodi kotchedwa driver, ndipo apa m'pamene matochi a mtengo wofanana amasiyanirana. Kosavuta kwambiri kamagwiritsa ntchito tizipangizo ta 7135, kalikonse kololeza mamiliampu 350. Tikakhala 8, LED imalandira maampu 2.8. N'kolimba, koma mphamvu yotsala imasanduka kutentha. Ka FET kamangolumikiza batire ndi LED mwachindunji: kuwala koopsa batire likadzaza, kenako kumatsika pang'onopang'ono limodzi ndi batire. Abwino kwambiri ndi a buck ndi a boost, amene amasintha mavoti mosataya mphamvu yambiri, moti kuwala kumakhala chimodzimodzi mpaka batire litatsala pang'ono kutha, ndipo tochi sitentha msanga. Pamene tochi ndi nyale ya m'nyumba kwa maola asanu ndi limodzi, ndalama yowonjezera pa driver ya mtundu umenewu si yotayika.

Matochi ena amachepetsa kuwala mwa kuthima ndi kuyaka mofulumira kwambiri. Akamachita pang'onopang'ono, mutu umawawa ngakhale simukudziwa chifukwa chake. Kuyesa n'kosavuta: yatsani motsika, muwalitse pa fani imene ikuzungulira kapena pamadzi otuluka pampopi. Mukaona mapiko a fani akuoneka oduka-duka, kapena madontho ataima m'malere, isiyeni.

Kutentha musakuope kokha. Tochi yabwino imatentha kunja m'mphindi zochepa mukaiyatsa mwamphamvu, ndipo chimenecho ndi chizindikiro chakuti kutentha kukuchoka pa LED, kudutsa pakabodi kakopa, kulowa m'thupi la aluminiyamu. Yoopsa ndi imene imati ndi ya malumeni 1,000 koma thupi lake lili zii: mwina malumeniwo ndi abodza, mwina kutenthako kwatsekeredwa m'kati ndipo kukuphika LED, yomwe pakapita miyezi imayamba kubuluwira ndi kuzilala. Matochi amakono amadzichepetsa okha kuwala akafika pa madigiri 45 mpaka 55. Kumalo otentha ngati ku Nsanje kapena ku Tete adzatsika msanga kuposa mmene bokosi likunenera, chifukwa anawayesera m'chipinda chozizira bwino.

Nkhani yaikulu, imene ndingakonde kuti munthu ayambire pamenepo asanagule ngakhale tochi imodzi, ndi ya mabatire. Dzina loti 18650 ndi muyezo chabe: mamilimita 18 m'mimba mwake, mamilimita 65 m'litali. La 21700 ndi lalikulupo. La 18650 lenileni lofala silipitirira 3,500 kapena 3,600 mAh (muyezo wa mphamvu imene batire limasunga), ndipo la 21700 lofala limakhala pakati pa 4,000 ndi 5,000. Mukaona 18650 lolembedwa 6,800 kapena 9,900 mAh, ndi lachinyengo, palibe kukambirana. Sikelo ya kukhitchini imathetsa mkangano: lenileni limalemera magalamu 45 mpaka 50, la 21700 pafupifupi 70, pamene achinyengo ambiri safika ndi 40 yomwe chifukwa m'kati mwake muli zochepa. Opanga enieni ndi owerengeka, monga Panasonic, Samsung, LG, Murata amene anatenga fakitale za Sony, ndi Molicel. Samsung 30Q ndi Murata VTC6 ndi a 3,000 mAh ndipo amapirira tochi yokoka mphamvu zambiri. Panasonic NCR18650GA ndi LG MJ1 amasunga pafupifupi 3,500 koma amapereka maampu 10 okha, okwanira matochi ambiri a LED imodzi. Pa 21700, Molicel P42A ndi lamphamvu, Samsung 50E ndi lokhalitsa.

Batire lotere likadzaza limakhala pa mavoti 4.2, ndipo siliyenera kutsika kupitirira 2.5. Likatsika kwambiri n'kukhala choncho, m'kati mwake mumawonongeka, ndipo kulitchajanso ndiko kumabweretsa ngozi ya moto. Tochi yabwino imaphethira kapena kuzima yokha pafupi ndi mavoti 2.8 mpaka 3.0. Imene ilibe chitetezo chimenechi imafuna batire lokhala ndi kabodi koteteza kumapeto kwake. Koma kabodiko kamatalikitsa batire kufika mamilimita 69 kapena 70, ndiye m'matochi ena silikwana, ndipo mukakakamiza mumaphwanya sipulingi kapena kubonyola batire. Palinso a mutu wotukuka ndi a mutu wafulati: tochi yopanda sipulingi kumutu nthawi zambiri imafuna wotukuka, apo ayi siyaka ngakhale batire lili lodzaza. Funsani zimenezi musanagule, osati katundu atafika.

Chikopa chapulasitiki chokuta batire si chokongoletsera. Thupi lonse lachitsulo la batire ndi negetivu, ndipo pafupi ndi mutu, negetivu ndi pozitivu zimasiyana ndi kampata kakang'ono kwambiri. Chikopacho chikang'ambika pamenepo, batire likhoza kugunda shoti m'kati mwa tochi. Zikopa zatsopano zilipo, zimakokana mukaziwomba ndi mpweya wotentha, ndipo kamphete kapepala ka pamutu muzikabwezera pamalo pake. Selotepu siigwira ntchito imeneyi. Chimodzimodzinso, batire losakhala m'tochi lisalowe m'thumba limodzi ndi makiyi kapena makobidi. Likhale m'kabokosi kapulasitiki.

Ambiri amachotsa ma 18650 m'mabatire akale a laputopu, ndipo n'zotheka, bola mwadongosolo. Yezani lililonse ndi multimeter, kachipangizo koyezera mavoti, mukangolichotsa. Limene lili pansi pa mavoti 2.5 lichotseni pagulu. Otsalawo atchajeni pa theka la ampu muli pomwepo, pamalo osayaka ngati pasimenti, ndipo limene likutentha m'manja lisiyeni. Akadzaza, lembani mavoti ake, muwasiye masabata awiri. Limene latsika kupitirira 4.1 likudzidya lokha, si lodalirika. Opulumuka mayesowa ndi oyenera tochi ya batire limodzi yoyaka motsika. Musawaike m'tochi ya mabatire awiri kapena atatu olumikizana mondondozana, chifukwa lofooka limatha msanga ndipo anzake amayamba kulikankha chobwerera. M'tochi yotero mabatire akhale a mtundu umodzi, ogulidwa tsiku limodzi, otchajidwa limodzi, ndipo muwalembe chizindikiro kuti asasiyane.

Tchaja yabwino imatchaja malo alionse paokha, imaima pa 4.2 ndipo imaonetsa mavoti. Theka la ampu mpaka ampu imodzi n'zokwanira 18650. Batire limene simuligwiritsa ntchito kwa miyezi likhale pa 3.6 mpaka 3.8, pamalo ozizira. Lodzaza lomwe laiwalika m'galimoto yoima padzuwa limakalamba msanga. Kwa otchajira pa sola kapena pa power bank, pali kamsampha kena: matochi ena a USB-C satchajika ndi chingwe cha C mbali zonse ziwiri, chifukwa wopanga anasiya ma resistor awiri a 5.1k amene amauza tchaja kuti itulutse mphamvu. Tochiyo sinafe. Yesani chingwe chokhala ndi mutu waukulu wakale mbali imodzi.

Mabatire a AA akadali ndi malo ake, makamaka kumudzi kumene mungawapeze pa okala iliyonse. Koma a alkaline ndi otchipa aja a zinc amachucha akakhalitsa, ndipo apha matochi ambiri kuposa kugwa pansi. Mukapeza ufa woyera wa alkaline, pukutani ndi kathonje konyowetsa viniga. Wa zinc umafuna soda wosungunula m'madzi pang'ono. Kenako muumitse bwino. Njira yabwino ndi mabatire otchajidwa a NiMH ngati Eneloop, a mavoti 1.2 ndi 1,900 mpaka 2,000 mAh, amene amasunga mphamvu nthawi yaitali ndipo sachucha chisawawa. Chenjerani ndi batire la lithium la 14500: kukula kwake ndi kwa AA ndendende, koma limafika mavoti 4.2, ndipo m'tochi yopangidwira AA yokha limawotcha driver nthawi yomweyo.

Za madzi ndidutsapo msanga. Chizindikiro cha IPX chimanena mmene tochi imapiririra madzi: IPX4 ndi ya mvula yowaza, IPX7 imapirira kumira mita imodzi kwa mphindi 30, IPX8 kupitirira apo monga wanenera wopanga. Zonsezi zimadalira timphete tamphira ta pamalo opotokolera. Kawiri pachaka, makamaka dzinja lisanayambe, pukutani timizere topotokolerato ndi kansalu, mupake girisi ya silikoni pang'ono. Mafuta odzola ndi oyilo wa galimoto zimatupitsa mphira za mitundu ina. Tochi ikayamba kuphethira yokha, musafulumire kunena kuti yafa: kawirikawiri vuto ndi litsiro pamphepete pa thupi pamene chotsekera cha kumchira chimakhudza, kapena kamphete kogwira swichi kamasuka. Sipiriti ndi kathonje, ndiye kumangitsa kampheteko ndi kapulayala kosongoka, nkhani yatha.

Matochi a batani la pambali amadya batire pang'onopang'ono ngakhale atazima, ndipo m'chikwama amatha kudziyatsa n'kuboola nsalu. Masulani chotsekera cha kumchira gawo limodzi mwa anayi a kuzungulira, mphamvu yaduka. Izi zimatheka pokhapokha timizere topotokolera tili ndi utoto wolimba wakuda uja. Tikakhala tachitsulo choonekera, magetsi amadutsabe.

Nanga kusonkhanitsako? Msampha wa oyamba ndi kugula matochi khumi ofanana ntchito, kungosiyana maina. Ndi bwino kuti tochi iliyonse yatsopano ichite chimene zinzake sizingathe. Ya m'thumba ikhale ndi CRI yapamwamba ndi kuwala kotsikitsitsa kwa lumeni imodzi kapena kuchepera, kokwanira kuyang'ana mwana mu neti osamudzutsa, komwe pa batire limodzi kumatha masabata. Ya pamphumi ndiyo imagwira ntchito kuposa zonse, pokonza galimoto, pophika, pokwera Sapitwa m'bandakucha. Makampani monga Zebralight, Armytek ndi Sofirn amapanga zopindika mutu zomwe zimachoka palamba n'kukhala za m'manja. Yoponya patali ndi ya mlonda ndi wa kumunda. Ndipo ngati zonsezi zikudya batire la mtundu umodzi, tchaja imodzi ndi mabatire asanu ndi limodzi akwanira nyumba yonse. Ya mphamvu zoyenda mozungulira, yomwe kuti muizimitse muyenera kudutsa pa kuphethira kwa apolisi ndi SOS, ingokukwiyitsani. Sankhani imene imayamba motsika kapena kukumbukira pamene munasiyira.

Wofuna kuphunzira za m'kati ayambe ndi Convoy S2+. N'njotchipa, imamasuka yonse, ndipo mumasankha nokha LED ndi driver poitanitsa. Kusintha LED kumafuna kusungunula mtovu womata mawaya awiri, kupukuta phala lakale lotulutsa kutentha, kupaka latsopano pang'ono ngati kambewu ka mpunga, ndi kuonetsetsa kuti kamphete kapulasitiki koika LED pakati kabwerera, chifukwa popanda iko kambale konyezimira kamakhudza mawaya n'kugunda shoti. Wurkkos ndi Sofirn ali ndi matochi a pulogalamu ya Anduril, yolola kusintha pafupifupi chilichonse, ngakhale kutentha kumene tochi iyambire kutsika, koma pepala la malangizo ake lisatayike. Fenix, Nitecore ndi Acebeam ndi okwera mtengo, ndipo chimene mumalipira ndi kulimba ndi chitsimikizo. Maglite yakale ya mabatire a D, imene Anthony Maglica anayamba kugulitsa mu 1979 ku California, ndi yoyenera kusunga chifukwa cha mbiri yake, ndipo mababu a LED olowa m'malo mwa akale alipo, ngakhale siingapikisane ndi tochi yamakono yolowa m'thumba la shati.

Poitanitsa kunja, mabatire a lithium opanda tochi nthawi zambiri sawalola pa positi ya ndege, choncho n'chapafupi kugula tochi yokhala ndi batire m'kati. Mukatuma wachibale wochokera ku Johannesburg kapena ku London, muwauze kuti mabatire apadera amayenda m'chikwama cha m'manja, osati chopita kunsi kwa ndege, lililonse m'kabokosi kake kapena mitu yake itamatidwa tepi.

Tochi ikafika, chotsani kapepala kotchinga batire, yezani mavoti, mutchaje. Usiku, iimikeni patebulo iloze kudenga pambali pa ina imene mukuidziwa bwino, muziyatsa mosinthana mukuyang'ana pansi osati kudenga: mmene chipinda chikuwalira ndiwo malumeni enieni. Kenako iyatseni pa mphamvu yapakati, muyang'ane wotchi, mulembe nthawi imene yayamba kutsika ndi imene yazima, ndipo muyezenso batire pomwepo. Likapezeka pansi pa mavoti 2.5, tochiyo ilibe chitetezo, ndipo kuyambira tsikulo izidya mabatire okhala ndi kabodi koteteza okha.